Mutu 9: Mmene Mano Amathera, ndi Zimene Amamatira Mano

Njovu ikakalamba imakonda kukhala kumadambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene kuli udzu wanthete ndi zomera zofewa. Chimene chimaikokera kumeneko ndi mano. Pa moyo wake wonse njovu imamera mano otafunira kasanu ndi kamodzi. Dzino likaperepeseka ndi makungwa, udzu ndi mchenga, lina limatulukira kumbuyo kwa nsagwada n'kumalikankhira kutsogolo mpaka lakalelo litathothoka. Koma lachisanu ndi chimodzi likatha, nthawi zambiri njovuyo ili ndi zaka za m'ma 60, sipameranso lina. Imayamba kulephera kutafuna, kenako kuonda, ndipo zambiri zimafa ndi njala chakudya chili pomwepo.

Munthu amamera mano kawiri kokha: 20 a ubwana ndi 32 a ukulu. Dzino loyamba la chitsakano la ukulu limatuluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, nthawi yoyamba sukulu. Makolo ambiri saliona n'komwe, chifukwa limamera kumbuyo kwa mano a ubwana popanda kugwetsa dzino lina. Dzino limenelo ndi lomwe lidzatafune chimanga chootcha munthuyo ali ndi zaka 20, nzimbe ali ndi zaka 40, ndi mtedza wokazinga ali ndi zidzukulu. Funso la mutu uno n'lakuti: kodi kanthu kakang'ono chonchi kamapirira bwanji zaka zonsezo, ndipo kakawonongeka, n'chiyani chingalowe m'malo mwake?

Chikutu chimene sichimeranso

Mbali yoyera ya dzino imene timaiona munthu akaseka ndi chikutu chotchedwa enamel. Palibe china m'thupi la munthu cholimba kuposa chimenechi, ngakhale fupa. Pa magawo 100 alionse a enamel, pafupifupi 96 ndi mchere wolimba wopangidwa ndi kashiyamu ndi fosifeti. Otsalawo ndi madzi ndi timapuloteni tochepa. Pansonga za mano a chitsakano, pamene pamagwa ntchito yambiri, chikutuchi chimachindikala mpaka mamilimita awiri ndi theka. Chimanka chipyapyala kulowera kunkhama.

Pansi pake pali dentine, amene ndi wachikasu komanso wofewerapo, popeza mchere wake ndi pafupifupi magawo 70 okha pa 100. Dentine ali ndi timipaipi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tolunjika pakati pa dzino, pamene pali mitsempha. Enamel payekha sachedwa kusweka, ngakhale ndi wolimba. Dentine ndiye amamuchirikiza pansi, n'kumalandira mphamvu ya kulumako kuti mng'alu usapitirire. Ndi mgwirizano wa ziwirizi umene umachititsa kuti dzino lipirire, pakuti munthu wamkulu akaluma ndi mphamvu zake zonse, mano a kumbuyo amapanikizana ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 50 mpaka 70.

Chachikulu chofunika kudziwa pa enamel n'chakuti maselo amene amamupanga amamaliza ntchito yawo dzino lisanatuluke m'nkhama, ndipo likangotuluka maselowo amatha. Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma enamel akachoka wachoka. Malovu amatha kubwezeretsa mchere pamalo pamene pangofewa chabe, ndipo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride amathandiza kuti mcherewo ubwerere wolimbirapo. Koma pamene paperepeseka kapena kubenthuka, thupi lilibe njira yomangiraponso.

Kutha kwabwino ndi kutha koopsa

Sikuti dzino lililonse loperepeseka ndi lodwala. Mano a kutsogolo a mwana akangomera amakhala ndi timanomano titatu m'mphepete mwake, ndipo pakapita zaka zochepa timakhala titasalala. Kumeneko ndi kutha kwachibadwa. Mu 1989 akatswiri a payunivesite ya Leuven ku Belgium, motsogozedwa ndi Paul Lambrechts, anafalitsa zimene anapeza atayeza mano a anthu kwa zaka zingapo. Anapeza kuti pamalo pamene mano a chitsakano amagundana, enamel amatha ndi magawo 29 pa magawo 1,000 a milimita imodzi pa chaka. Pa liwiro limeneli, pamafunika zaka zoposa 30 kuti milimita imodzi ithe. Choncho chikutu chija chinapimidwa mokwanira moyo wonse wa munthu.

Thupi nalo silingokhala. Dzino likamatha pamwamba, mkati mwake mumawonjezereka dentine watsopano amene amatchinjiriza mitsempha, ndipo dzinolo limasendera pang'onopang'ono kutuluka m'nsagwada kuti lizigundanabe ndi linzake. Vuto limabwera kutha kukathamanga kuposa mmene thupi lingatsatirire. Madokotala a mano amatchula njira zitatu zimene zimachititsa zimenezi.

Yoyamba ndi ya dzino kudya dzino linzake. Pa tsiku lonse, mano a pamwamba ndi a pansi amagundana kwa mphindi pafupifupi 20 zokha, potafuna ndi pomeza. Nthawi yotsalayo pamakhala kampata pakati pawo. Koma alipo anthu amene amakukuta mano ali m'tulo, kapena kumanga nsagwada masana akakhala ndi nkhawa kapena akamagwira ntchito yolemetsa. Ambiri sadziwa kuti amatero mpaka wogona naye chipinda chimodzi atawauza. Pakukukutako sipakhala chakudya pakati, malovu amakhala ochepa usiku, ndipo mphamvu yake imatha kuposa ya kutafuna. Zizindikiro zake ndi mano a kutsogolo ofupika molingana, malo osalala onyezimira pansonga za mano a kumbuyo, ndi kudzuka m'mawa nsagwada zikuwawa.

Yachiwiri ndi ya zinthu zokhakhala zolowa m'kamwa. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kulimba wochokera pa 1 kufika pa 10. Enamel ali pa 5, pamene mwala umene umapanga mchenga wambiri uli pa 7. Motero kamchenga kalikonse kamene kalumidwa pamodzi ndi usipa woyanikidwa pansi, masamba osatsukidwa bwino kapena mpunga wosasankhidwa, kamakanda dzino. N'chimodzimodzi dothi limene amayi ena oyembekezera amadya, ndi makala, phulusa kapena mchenga umene ena amatsukira mano pofuna kuti ayere. Mswachi wouma wotsukidwa mwamphamvu chopingasa umakumba timikwasa m'khosi mwa dzino pafupi ndi nkhama. Ntchito nazo zimasiya chizindikiro: telala woduladula ulusi ndi mano, kalipentala wogwirizira misomali pakamwa, msodzi womangitsa ukonde ndi mano. Kutsegula botolo la chakumwa ndi dzino kumaposa zonsezi, chifukwa kumabenthula enamel nthawi imodzi.

Yachitatu ndi asidi, ndipo ndi imene ikukula kwambiri masiku ano. Kuwawasa kwa chinthu kumayezedwa pa muyeso wa pH: 7 ndi pakati, ndipo nambala ikamatsika asidi amakhala akuchuluka. Malovu amakhala pafupi ndi 7. Enamel amayamba kusungunuka pH ikatsika pansi pa 5.5. Madzi a mandimu ndi zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala pakati pa 2 ndi 3.5. Aliyense amene anadyapo bwemba, malambe, masau kapena mango osapsa mpaka mano kuyayamira anamva yekha asidi akugwira ntchito. Asidi woopsa koposa ndi wochokera m'mimba mwa munthu mwini: wodwala chilungulira kawirikawiri, mayi woyembekezera amene akusanza tsiku ndi tsiku, ndi womwa mowa kwambiri, mano awo amasungunuka chakumbuyo, mbali ya kulilime.

Njira zitatuzi siziyenda payekhapayekha. Asidi amafewetsa pamwamba pa enamel, kenako mswachi kapena dzino linzake limachotsa pofewapo mosavuta. Enamel akabooka n'kufika pa dentine, kutha kumathamanga chifukwa dentine ndi wofewa. Pansonga ya dzino pamaoneka kadzenje kachikasu, ndipo madzi ozizira kapena tiyi wotentha amayamba kulasa mpaka kumutu.

Umboni wa m'mano a anthu akale

Popeza mano ndiwo amatsala thupi lonse litaola, ofukula zakale aphunzira zambiri kwa iwo. Mitembo youmikidwa ya ku Egypt wakale imasonyeza kuti vuto lalikulu la mano kumeneko silinali kubooka, koma kuperepeseka. Buledi wawo ankakhala ndi mchenga wouluka kuchokera m'chipululu ndi tizibenthu ta miyala imene ankaperera tirigu. Olemera ndi osauka omwe mano awo ankatha mpaka kufika pa mitsempha, ndipo mafinya ankasonkhana m'nsagwada.

Ku England, katswiri wa mano A. E. W. Miles anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti kutha kwa mano kungauze msinkhu wa munthu amene anamwalira kalekale. Anagwiritsa ntchito mafupa a anthu akale ofukulidwa ku Breedon-on-the-Hill. Nzeru yake inali yosavuta: dzino loyamba la chitsakano limamera pa zaka 6, lachiwiri pa zaka 12, lachitatu cha pa zaka 18. Poyerekeza mmene atatuwa atherana, munthu akhoza kuwerengera liwiro la kutha ndi zaka zimene mwini manowo anakhala ndi moyo. Wogula mbuzi kapena ng'ombe pamsika akaikanula kukamwa asanatchule mtengo, amakhala akuwerenga zofananazo.

Kuno kwathu, kudera la Malema m'boma la Karonga, kunapezeka chibenthu cha nsagwada ya cholengedwa chofanana ndi munthu chotchedwa Paranthropus boisei, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Mtundu umenewu unadziwika koyamba mu 1959, Mary Leakey atapeza chigaza chake ku Olduvai m'dziko la Tanzania. Unali ndi mano a chitsakano akuluakulu kwambiri ndi enamel wochindikala kuposa wathu. Poyamba anthu ankaganiza kuti unkaswa mtedza wolimba. Atapima mano a ku Tanzania ndi ku Kenya, anapeza kuti chakudya chake chachikulu chinali zomera za mtundu wa udzu ndi mlulu, zimene zimafuna kutafuna nthawi yaitali ndipo zimaperepesa mano. Kuchindikala kwa enamel kumagwirizana ndi ntchito imene dzinolo limagwira.

Ife a lero chakudya chathu n'chofewa kuposa cha akale amenewo. Ufa wa kuchigayo ulibe mchenga wa pamphero, ndipo nsima siifuna kutafuna kwambiri. Koma shuga ndi asidi zachuluka, ndipo anthu akukhala ndi moyo zaka zambiri. N'chifukwa chake nkhani ya zomatira mano yakula.

Chomatira chabwino si cholimbitsitsa

Dzino likabooka kapena kubenthuka, dokotala amachotsa powolapo n'kumatapo chinthu china. Munthu angaganize kuti chomatira chabwino ndi cholimba kuposa zonse. Sizili choncho, chifukwa dzino siligwira ntchito lokha. Lili ngati mphero ndi mwanamphero: mwala umodzi ukalimba ndi kukhakhala kuposa unzake, umadya unzakewo, ukafewa kwambiri, umadyeka wokha ndipo kupera kumasokonekera. Chomatira chikatha msanga, dzino loyang'anizana nalo limasendera m'mpatawo ndipo kulumana kwa mano onse kumasintha. Chikakhala chokhakhala, chimapala enamel wabwinobwino wa dzino linalo. Chimene akatswiri akhala akufunafuna kwa zaka zoposa 100 ndi chinthu chotha pa liwiro lofanana ndi la enamel.

Golide wosakaniza ndi zitsulo zina ndiye amayandikira kwambiri pamenepa. Amatha pang'onopang'ono, amasalala akamakhuzika, ndipo sapweteka dzino loyang'anizana naye. Chomulepheretsa ndi mtengo wake ndi maonekedwe ake.

Chomatira chotuwa ngati siliva chimene anthu ambiri achikulire ali nacho m'mano a kumbuyo chimatchedwa amalgam. Pafupifupi theka lake ndi mekyule, ndipo theka linalo ndi siliva, tini ndi kopa. Dokotala wa ku America G. V. Black ndiye anakhazikitsa kasakanizidwe kake kodalirika cha m'ma 1895. Amalgam ndi wotsika mtengo, savuta kuika ngakhale m'kamwa muli chinyezi, amapirira kutafuna, ndipo nthawi zambiri amakhala zaka zoposa 10. Koma samamatirira kudzino, choncho dokotala amayenera kusema dzenje loti amugwire, zimene zimachotsa mbali ina ya dzino labwino. Komanso mekyule akatayikira m'madzi ndi m'nthaka amawononga chilengedwe. Pangano la mayiko la Minamata la mu 2013, lotchedwa dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu ambiri anadwala ndi mekyule wotayidwa m'nyanja, linalamula kuti amalgam achepetsedwe. Mayiko a mu European Union anamuletsa kuyambira mu Januwale 2025, kupatula pamene dokotala waona kuti palibe njira ina.

Cholowa m'malo mwake chachikulu ndi composite, chomatira cha mtundu wa dzino chimene dokotala amachiumitsa ndi kuwala kwa buluu. Chinayamba ndi ntchito ya anthu awiri a ku America: Michael Buonocore, amene mu 1955 anasonyeza kuti kupaka asidi pang'ono pa enamel kumathandiza pulasitiki kumamatira, ndi Rafael Bowen, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapanga utomoni wa pulasitiki wosakaniza ndi timiyala toperedwa. Composite woyambirira ankakongola m'mano a kutsogolo, koma kumbuyo ankatha msanga. Timiyala take tinali tikulutikulu. Utomoni wozungulira kamwala ukadyeka, kamwalako kankatsala poyera, kenako n'kuzuka, kusiya kadzenje, ndipo kankakandanso dzino linalo. Yankho linali kupera timiyalato kuti tikhale tosalala kwambiri, tochepera gawo limodzi pa magawo 1,000 a milimita, ndi kutithithikiza tambiri. Composite wa masiku ano, m'mabowo aang'ono ndi apakati, amatha pa liwiro losasiyana kwambiri ndi la enamel. Chovuta chake n'chakuti amafuna kuti dzino likhale louma poika, ndipo amafota pang'ono akamauma, zimene zingasiye kampata m'mphepete ngati ntchitoyo sinagwiridwe mosamala.

Palinso glass ionomer, simenti ya ufa wa galasi imene Alan Wilson ndi Brian Kent anailengeza ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Imeneyi imatha msanga kuposa zinazi ndipo siipirira m'bowo lalikulu la dzino lotafunira. Koma imamatirira yokha kudzino ndipo imatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Ubwino umenewu unabala njira yofunika kwambiri ku Africa. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Netherlands Jo Frencken, akugwira ntchito ku Tanzania, anayamba kukokota powola ndi tizipangizo ta m'manja n'kumata simenti, popanda magetsi kapena makina oboolera. Njirayi, yodziwika ndi zilembo zakuti ART, inayesedwanso ndi glass ionomer ku Thailand ndi ku Zimbabwe, ndipo bungwe la World Health Organization linailimbikitsa mu 1994. Mu 2021 bungweli linaika glass ionomer pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kwa mwana wa kumudzi amene ali ndi kabowo kakang'ono, chomatira chotha msangako n'chabwino kuposa kuzula dzino.

Dzino likawonongeka kwambiri amalivundikira lonse ndi chisoti chopangidwa. Kwa zaka zambiri zisoti zokongola zinali za porcelain, dongo lootchedwa lofanana ndi la makapu. Porcelain satha msanga, koma kunyezimira kwa pamwamba pake kukachoka, kapena dokotala akamupala pokonza kulumana n'kusamusalazanso, amakhakhala ndipo amadya dzino loyang'anizana naye. Pamene zirconia, cholimba kwambiri kuposa porcelain, chinayamba kufala cha m'ma 2000, ambiri ankaopa kuti chimaliza mano a anthu. Zoyesa zinasonyeza zina: zirconia chosalazidwa bwino chimadya enamel pang'ono kuposa porcelain wokhakhala. Chimene chimapala dzino kwambiri ndi kukhakhala kwa chinthu, osati kulimba kwake kokha.

Makina otafuna

Palibe amene angadikire zaka 10 kuti adziwe ngati chomatira chatsopano n'chabwino. Choncho anapanga makina otsanzira nsagwada. Ena mwa odziwika anapangidwa payunivesite ya Minnesota ku America ndi Ralph DeLong ndi William Douglas mu 1983. Amaika chomatira pansi, dzino lenileni kapena kampira kolimba pamwamba, ndipo makinawo amaluma, kukhuza cham'mbali, n'kukanula, mobwerezabwereza. Ambiri amaluma ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 5, ndipo amathira madzi ozizira a madigiri 5 mosinthana ndi otentha a madigiri 55, kutsanzira munthu womwa chozizira kenako tiyi. Ofufuza ambiri amawerengera kuti kuluma ka 240,000 kapena 250,000 kukuimira chaka chimodzi, kotero kuti ka 1.2 miliyoni n'zaka zisanu. Pomaliza amayeza zimene zatha pa chomatiracho ndi pa dzino lomwe.

Makinawa amathandiza kusankha chabwino pakati pa zingapo, koma sadziwa nkhawa, sadwala chilungulira, ndipo satafuna mbali imodzi chifukwa kwina kukuwawa. Chomatira chomwecho chimene chingakhale zaka 15 mwa munthu wina, mwa wokukuta mano chikhoza kusweka m'zaka ziwiri. N'chifukwa chake umboni wotsiriza umachokera kwa odwala enieni amene amatsatiridwa kwa zaka.

Zimene zili m'manja mwathu

Zambiri zoteteza enamel sizilira ndalama. Mukamwa kapena kudya chowawasa, chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo dikirani theka la ola kapena ola musanatsuke mano, kuti malovu ayambe alimbitsa pofewapo. Mukasanza chitani chimodzimodzi. Chakumwa cha asidi ndi bwino kuchimwa nthawi imodzi pa chakudya kusiyana ndi kuchipsontha tsiku lonse, pakuti chowononga kwambiri ndi kubwerezabwereza. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi mankhwala a fluoride, ndipo mukalavula musachukuche, kuti fluoride atsalire pamano. Makala, phulusa ndi mchenga zisiyeni: zimapala enamel, ndipo akapyapyala chikasu cha dentine chimaonekera, mano n'kuda kuposa kale. Nsomba zouma ndi masamba zitsukidwe mpaka mchenga uthe. Amene amakukuta mano usiku, dokotala akhoza kumupangira chotchingira cha pulasitiki chovala pogona, kuti chizitha ndi pulasitikiyo. Chilungulira chosatha chimafuna chithandizo cha kuchipatala, chifukwa cha m'mimba ndi mano omwe.

Ku Malawi madokotala a mano akhala ochepa kwa nthawi yaitali, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi madokotala othandizira ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Komabe anthu ambiri amapita kuchipatala dzino litawagoneka chikhalire usiku wonse, nthawi imene chotsala ndi kuzula basi. Kuzulako kumathetsa ululu, koma ntchito ya dzino lochokalo imagwera otsalawo. Munthu akataya mano angapo a kumbuyo amayamba kutafunira kutsogolo, pa mano amene sanapangidwire kupera, ndipo amenewo amatha msanga. Kabowo kakang'ono kakaonedwa msanga kamamatidwa ndi chomatira chochepa, mbali yaikulu ya enamel n'kutsala ikugwirabe ntchito. Pa zomatira zonse zimene tafotokoza, palibe chimene chafika pofanana ndi chikutu chimene munthu anamera nacho, choncho ndi bwino kupita kukaonetsa dzino lisanayambe kuwawa.